Nyali ya panjinga usiku: dayinamo, tochi yotchaja kapena ya mabatire?

Mu Juni ndi Julayi, nthawi ikamakwana 5:30 madzulo dzuwa limakhala litalowa kale kapena likulowa, ndipo chisisira chathu n'chachifupi. Pakangodutsa mphindi 25, kunja kwada bii. Tsoka ilo, imeneyi ndi nthawi yomwe msewu umadzaza: aganyu akuweruka, amayi akuchokera kumsika ndi kuchigayo, akabaza akulimbirana makasitomala otsiriza, ogulitsa makala akubwerera kumudzi, ndipo mathiraki ndi maminibasi akuyenda pa phula lomwelo. Mukaima pambali pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Kasungu, kapena pa M5 cha ku Salima ndi Nkhotakota, n'kumawerenga njinga zimene zili ndi nyali, simungatope n'kuwerengako.

Nyali ya panjinga ili ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amasokoneza pomwepa. Ntchito yoyamba ndi yoti inu muone kumene mukupita. Yachiwiri ndi yoti ena akuoneni. Nyali yabwino pa ntchito imodzi ikhoza kukhala yachabechabe pa inayo. Munthu akalowa m'shopu amafunsa tochi yowala kwambiri yakutsogolo, chifukwa chimene chimamuvutitsa tsiku ndi tsiku ndi maenje ndi miyala. Dzenje limapinda limu n'kukusupulani bondo. Chimene chimapha ndi galimoto yochokera kumbuyo, imene dalaivala wake sanakuoneni.

Yambirani kumbuyo

Tiyeni tiwerengetse pang'ono. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Malinga ndi buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, galimoto yaing'ono ya mabuleki abwino, pamsewu wouma, imafuna mamita 53 kuti iime ikakhala pa liwiro limeneli. Thiraki yodzaza chimanga kapena simenti imafuna mtunda woposa pamenepo. Ndiye ganizirani dalaivala amene wachepetsa nyali zake chifukwa akudutsana ndi galimoto ina, maso athobwa, ndipo patsogolo pake pali munthu wa jekete lakuda pa njinga yakuda. Amamuona atafika kale pafupi, nthawi yoponda buleki itatha.

N'chifukwa chake ndalama yoyamba iyenera kupita ku nyali yofiira ya kumbuyo ndi zonyezimira. Pangano la mayiko la malamulo a pamsewu limene linasainidwa ku Vienna mu 1968 limanena kuti njinga ikhale ndi buleki, belu, chonyezimira chofiira kumbuyo, nyali yoyera kapena yachikasu kutsogolo ndi yofiira kumbuyo. Mitunduyo ili ndi tanthauzo. Dalaivala akaona kuwala koyera amadziwa kuti chinthucho chikubwera, akaona kofiira amadziwa kuti akuchitsatira. Anthu amene amamanga katochi koyera kumbuyo, kapena timagetsi ta buluu ndi tobiriwira tokongoletsa, amamusokoneza pa nthawi yomwe alibe mpata woganiza kawiri.

Nyali za kumbuyo zimene zimapezeka m'misika ndi za mitundu itatu. Pali timagetsi ting'onoting'ono ta mphira togwiritsa ntchito mabatire ozungulira ngati khobidi, a CR2032. N'totchipa, koma batire lotere limasunga mphamvu yochepa kwambiri, pafupifupi 220 mAh, ndipo kuwala kumazilala msanga. Kumudzi mabatirewo n'ngovutanso kupeza. Pali za mabatire awiri a AAA, zimene kwa ine ndi zopambana kwa munthu wopanda magetsi kunyumba, chifukwa nyali yofiira sidya mphamvu yambiri ndipo mabatire amenewa ali m'golosale iliyonse. Pali zotchaja pa USB, zomwe zimawala bwino koma zimafuna kuti muzikumbukira kutchaja. Nyali ya kumbuyo ikazima simudziwa. Mumangopalasa mtima uli m'malo, poganiza kuti mukuoneka.

Malo oimangirira ndi nkhani yaikulu, makamaka kwa akabaza. Nyali zambiri za masiku ano anazipanga kuti zizimangidwa pachitsulo cha pansi pa chishalo, poganizira njinga zamasewera zimene sizinyamula kanthu. Pa Hero, Avon, Humber kapena Buffalo yonyamula munthu pakaliyala, malo amenewo amabisika ndi thupi la wokwerayo. Chitenje cha mayi amene wakhala chammbali chimaphimba zonse. Thumba la makala kapena mtolo wa nkhuni ndiye osanena. Nyaliyo iikidwe kumapeto kwenikweni kwa kaliyala kapena pamatigadi, ndipo mukamanga katundu muzipita kumbuyo n'kuyang'ana ngati ikuoneka. Katundu akakhala wotambalala, kansalu konyezimira kakhale kunsonga ya kumanja, mbali imene magalimoto amadutsira.

Pa zonyezimira pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Kajekete kobiriwira kapena ka olenji kamawala masana chifukwa utoto wake umadalira cheza cha dzuwa. Usiku utotowo sugwira ntchito; chimene chimagwira ndi mizere yotuwa ija yokha, ndipo mizereyo imatha mphamvu ikachapidwa kambirimbiri. Akatswiri a pa Queensland University of Technology ku Australia, motsogozedwa ndi Joanne Wood, anayesa zimenezi pamsewu usiku ndipo anapeza kuti madalaivala amazindikira msanga wapanjinga amene wavala zonyezimira m'akakolo ndi m'maondo kuposa amene wangovala kajekete kokha. Chifukwa chake n'chakuti miyendo imakwera ndi kutsika, ndipo maso a munthu akaona kuyenda kotere amadziwa nthawi yomweyo kuti uyu ndi munthu akupalasa, si chikwangwani. Choncho zonyezimira za pamapedulo zija, zimene zimathothoka n'kusiyidwa, zili ndi ntchito yaikulu. Kansalu konyezimira komanga mwendo wa thalauzi kamateteza thalauzi ku tcheni komanso kamakuonetsani. Chofooka cha zonyezimira zonse n'chimodzi: zimangobweza kuwala kwa galimoto. Njinga yamoto yopanda nyali, ngolo kapena wanjinga mnzanu sangakuoneni. Sizilowa m'malo mwa nyali yofiira, zimangoithandiza.

Manambala a pabokosi

Tisanayerekeze za kutsogolo, tikambe za bodza la pabokosi, chifukwa lapusitsa anthu ambiri. Kuchuluka kwa kuwala konse kotuluka m'nyali kumayezedwa m'malumeni. Babu la halojeni la nyali ya galimoto, monga H7, limatulutsa malumeni pafupifupi 1,500. Ndiye mukaona katochi kokwana m'dzanja kolembedwa 10,000 kapena 50,000, dziwani kuti wolembayo amangosewera ndi ziro.

Mutha kuwerengetsa nokha. Nyali ya LED yabwino imapereka malumeni pafupifupi 100 pa wati imodzi, nthawi zina kuposerapo pang'ono. Kuti mupeze malumeni 1,000 pamafunika mawati pafupifupi 10. Batire lotchaja limene lili m'matochi ambiri ndi la 18650, lomwe dzina lake likuchokera ku kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali. Labwino la 3,000 mAh pa mavoti 3.7 limasunga mphamvu yokwana mawati 11 kwa ola limodzi. Ndiye tochi ya batire limodzi lotere singawale malumeni 1,000 kupitirira ola limodzi ndi mphindi zochepa. Bokosi likati malumeni 2,000 kwa maola 8, nambala imodzi mwa ziwirizo ndi yabodza, kawirikawiri zonse ziwiri. Mabatire enieni a 18650 opangidwa ndi makampani monga Panasonic, Samsung ndi LG amalekezera cha m'ma 3,500 mAh. Olembedwa 6,800 kapena 9,900 mAh ndi achinyengo, ndipo mukawanyamula mumamva kuti ndi opepuka modabwitsa.

Nanga pamafunika kuwala kochuluka bwanji? Munthu wopalasa makilomita 15 pa ola amadutsa mamita 4 pa sekondi. Akamaona bwino mamita 15 mpaka 20 patsogolo, ali ndi nthawi yokwanira yopewa dzenje. Malumeni 200 mpaka 400 enieni, olozedwa bwino, amakwanira ntchito imeneyi ngakhale panjira yakumudzi yopanda magetsi. M'tauni momwe muli magetsi a mumsewu, 100 ndi okwanira kuti muoneke. Wotsetsereka pa Zomba kapena pa Chikwawa pa liwiro la makilomita 30 kapena kuposa ndiye angafune 600 mpaka 800, koma kunena zoona, wotsetsereka mapiri amenewa usiku ayambe wayang'ana mabuleki ake asanaganize za nyali.

Foni, tochi ya m'nyumba ndi tochi ya pamutu

Njira imene anthu ambiri amayambira ndi tochi ya foni. Imathandiza kuti wobwera kutsogolo akuoneni, basi. Kuwala kwake n'kochepa ndipo kumamwazikana, kumangofika mamita ochepa. Choipa kwambiri n'chakuti dzanja limodzi lachoka pachiwongolero, ndipo panjinga ya mabuleki a ndodo dzanja limodzi siligwira kanthu. Enanso amaluma foni kukamwa. Foni ikagwa pa phula, ndalama yokonzetsa sikirini ikanagula nyali yeniyeni ndi chenji chotsala.

Tochi wamba yomangirira pachiwongolero ndi mphira za chubu chakale ndi yabwinoko, ndipo sindiinyoza. Ndi yotchipa, mukafika kunyumba mumaimasula n'kuigwiritsa ntchito kubafa kapena kukhola. Vuto lake lili pawiri. Tochi ya m'nyumba imaponya kadontho kowala kwambiri pakati, m'mbali muli mdima, choncho simuona mwana, galu kapena mbuzi imene ikutulukira m'mbali mwa msewu. Chinanso, mabatire a m'kati amangokhudzana pa sipuling'i, ndipo panjira ya mabampu tochiyo imangophethira, nthawi zina kuzimiratu pamalo oipitsitsa. Nyali za sola za m'nyumba, monga za Sun King ndi d.light, ena amazikoloweka pachiwongolero. Zimenezi anazipanga kuti ziwalitse chipinda chonse, ndiye kuwala kwina kumabwerera m'maso mwa wopalasa yemwe, n'kumulepheretsa kuona patali.

Tochi ya pamutu yatchuka kwambiri pakati pa akabaza ndi asodzi, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Imaloza kumene mwayang'ana, siibedwa mukasiya njinga panja, ndipo tayala likaphwa kapena tcheni chikachoka manja onse awiri amakhala omasuka. Popereka chenji imathandizanso. Koma monga nyali yokhayo ya paulendo ili ndi chilema chimene munthu sachizindikira msanga. Kuwala kukamachokera pafupi ndi maso, mithunzi imabisala kuseri kwa zinthu, ndiye dzenje ndi mwala zimaoneka ngati pansi posalala. Nyali ya pachiwongolero kapena ya pafoloko ili m'munsi, imakoka mithunzi italiitali, ndipo mthunzi ndi umene umakuuzani kuya kwa dzenje. Mu Seputembala ndi Okutobala, galimoto ikadutsa n'kusiya fumbi, tochi ya pamutu imawalitsa fumbilo pamaso panu penipeni, simuonanso kanthu. Chimodzimodzi m'chifunga cha chiperoni ku Thyolo ndi Mulanje, kapena m'mawa wozizira ku Dedza. Tizilombo touluka natonso timathamangira kumaso. Ndipo aliyense amene mwamuyang'ana mumamuthobwa, kuphatikizapo dalaivala amene mukufuna kuti akupatseni mpata. Ikhale yachiwiri, yothandizira, osati yodalira.

Ya mabatire otaya kapena yotchaja

Nyali zopangidwira njinga zogwiritsa ntchito mabatire a AA kapena AAA zili ndi ubwino umodzi waukulu: zikatha mphamvu muli pa Nkhamenya kapena pa Ntaja, mumalowa m'golosale n'kupitiriza ulendo. Kwa munthu amene amayenda usiku mwa apo ndi apo, popita kumaliro, kuchipatala kapena pochedwa kumsika, ndi yokwanira, ndipo ikhoza kukhala miyezi m'thumba osatha mphamvu. Kwa woyenda tsiku lililonse ndi msampha. Mabatire otchipa a mtundu wa zinc-carbon, monga a Tiger Head ofala aja, amachita bwino mu wailesi imene imakoka mphamvu pang'onopang'ono, koma mu nyali yowala amafooka msanga. A alkaline amakhalitsa koma ndi odula. Mtengo wa mabatire umatsatira dola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zonse zochokera kunja zinakwera, ndipo wogula mabatire mlungu uliwonse amalipira kukwerako mobwerezabwereza. Mabatire akatha n'kuiwalidwa m'kati amatuluka madzi n'kuononga tizitsulo ta nyali. Kuwala kwa nyali zotere kumachepanso pang'onopang'ono, maso n'kumazolowera, mpaka munthu kumayenda ndi kachiziriziri akuganiza kuti ali ndi nyali.

Zotchaja pa USB ndi zimene zadzaza m'mashopu a ku Limbe ndi ku Malangalanga, ndipo mwa zonse zopezeka mosavuta ndi zimene zimapereka kuwala kochuluka pa ndalama yochepa. Funso loyamba musanagule ndi loti muzitchaja kuti. Amene ali ndi magetsi a ESCOM akudziwa kuti sadalirika nthawi zonse. Tonse tikukumbukira 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri. Amene ali kumudzi amadalira sola ya panyumba kapena kulipira potchajitsa mafoni. Kulipirako n'kochepa poyerekeza ndi kugula mabatire, koma nyaliyo iyenera kukhala masana onse kwa wotchajayo, ndipo tsiku limene mwaiwala ndi lomwe mdima umakupezani kutali.

Pakati pa zotchaja pali kusiyana kumene ndimakuona kofunika kuposa malumeni. Zina batire lake ndi lomatiriridwa m'kati. Zina mumatsegula n'kuchotsa batire la 18650. Batire la lithiamu limafooka likatchajidwa maulendo mahandiredi angapo, ndipo kutentha kwa kunyanja ndi kuchigwa cha Shire kumalikalambitsa msanga. Likakhala lomatirira, nyali yonse yatha ngakhale kuti LED ikadali yamoyo. Likakhala lochotseka, mumagula lina, komanso mutha kuyenda ndi lapadera m'thumba. Lapaderalo likhale m'kabokosi kapena lokulungidwa bwino, lisakhudzane ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo, chifukwa likagundana nazo limatentha mpaka kuyaka. Batire lotupa kapena long'ambika chikopa musalitchajenso.

Yang'ananinso chomangira. Nyali zambiri zotchipa sizifa LED, zimafa kapulasitiki kogwirira pachiwongolero, kamene kamathyoka pa mabampu m'milungu yochepa. Ziwongolero za njinga zathu zachikale ndi zopyapyala, mamilimita 22.2, pamene nyali zambiri anazipangira zonenepa za 31.8, ndiye zimagwedera n'kumaloza pansi kapena kumwamba. Kachidutswa ka chubu kokulunga pachiwongolero kamathetsa vutoli. Chomangira cha lamba wa mphira wokhuthala chimapirira kuposa cha pulasitiki youma.

Pa mvula, bokosi limalemba IPX ndi nambala. IPX4 imapirira madzi owazika, ndipo ndi yochepetsetsa imene mungavomere. IPX6 imapirira madzi othamanga mwamphamvu, yoyenera mvula ya Januwale. IPX7 imapirira kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30. Koma kachivindikiro ka potchajira kakangothothoka, manambala onsewa atha ntchito.

Amene muli ndi abale ku Joni kapena ku Britain, mayina monga Cateye, Lezyne ndi Knog amalemba manambala oyandikira choonadi, ndipo zomangira zake zimagulitsidwa pazokha. Nyali ya Cateye ya malumeni 400 idzakutumikirani bwino kuposa yopanda dzina yolembedwa 5,000.

Dayinamo, imene tinaitaya msanga

Akuluakulu akukumbukira dayinamo ya kabotolo yokhuza tayala, ndi kulira kwake kuja, ndi kuwala kwachikasu kumene kumakwera ndi kutsika malinga ndi mphamvu ya miyendo. Anthu anaisiya pa zifukwa zenizeni. Inkalemeretsa njinga, inkadya m'mbali mwa tayala, inkaterereka mvula ikagwa kapena matope akamata, babu linkapsa potsetsereka chifukwa mavoti amakwera ndi liwiro, ndipo mukaima kuwala kunkatheratu. Pokwera chitunda ndi katundu, pomwe liwiro ndi la munthu woyenda pansi, inkangoti nyeng'u nyeng'u.

Komatu zambiri mwa zolakwazi zinali za babu, osati za dayinamo. Dayinamo ya njinga imapereka mavoti 6 ndi mawati 3. Kale mawati 2.4 ankapita kutsogolo, 0.6 kumbuyo. Babu la waya linkasandutsa mphamvu yambiri kukhala kutentha. Mawati omwewo mukawapatsa nyali ya LED yopangidwira dayinamo, kuwala kumachuluka kangapo, kumayamba pa liwiro lochepa, ndipo palibe babu lopsa. Nyali zabwino zili ndi kachipangizo kosunga mphamvu kamene kamaisiya ikuyaka mphindi zingapo mutaima, monga podikira kuwoloka msewu. Onetsetsani kuti nyaliyo ndi ya dayinamo, chifukwa magetsi a dayinamo ndi osinthasintha mbali, ndipo tochi wamba ya batire singalumikizidwe mwachindunji.

Dayinamo ya kabotolo ikaikidwa bwino, kulemera kwake kumachepa kwambiri. Mzere wodutsa pakati pa botololo uyenera kuloza pakatikati pa habu. Ikapendekeka ndi pomwe imalira ndi kudya tayala. Kachipewa ka mphira pamutu pake kamachepetsa kuterereka. Ndipo m'malo modalira felemu ya njinga kuti ibweze magetsi, monga ankachitira kale, ikani mawaya awiri, chifukwa dzimbiri ndi penti ndi zimene zimachititsa nyali kuphethira.

Yapamwamba kuposa zonse ndi dayinamo ya m'habu ya wilo lakutsogolo. Si yachilendo: kampani ya Sturmey-Archer ya ku England inayamba kupanga Dynohub m'ma 1930, ndipo njinga zina zakale za Raleigh zinkabwera nayo. Masiku ano zimapangidwa ndi Shimano, Shutter Precision ya ku Taiwan ndi SON ya ku Germany. Siterereka, silira, sikhudza tayala, mvula ndi matope sizikutengerani kanthu, ndipo kulemera kwake popalasa simukumva kwenikweni. Wakuba sangaithothole ngati tochi. Vuto ndi mtengo ndi kupezeka. Yatsopano ndi yodula, ndipo wilo liyenera kulukidwanso, masipoko ake akhale a utali woyenera ndipo mabowo a habu afanane ndi a limu. Koma pali khomo lina limene ambiri saliona. Njinga za kaunjika zochokera ku Japan, za basiketi kutsogolo zija, ndi zina zochokera ku Ulaya, zambiri zimabwera ndi dayinamo ya m'habu kale. Mukaona habu yakutsogolo yonenepa yokhala ndi polumikizira waya, imeneyo ndiyo. Nthawi zambiri chimene chafa ndi waya kapena nyali, dayinamoyo ili bwinobwino, ndipo mwini wake akuyenda ndi tochi ya foni pamwamba pa chuma chotere.

Kwa wakabaza kapena wogulitsa mkaka ndi masamba amene amanyamuka mbandakucha n'kubwerera usiku masiku onse, dayinamo ya LED ndi imene ndingasankhe. Mumalipira kamodzi. Palibe kutchaja, palibe kuiwala, ndipo imayatsanso nyali ya kumbuyo. Pokhapokha ngati njira yanu ndi ya zitunda zokhazokha kapena mchenga wokankha njinga, pamenepo yotchaja ikuposa, chifukwa dayinamo imafuna kuti wilo lizizungulira ndithu.

Kumene kuwala kukugwera

Nyali ziwiri za malumeni ofanana zikhoza kusiyana kutalitali chifukwa cha mmene zimagawira kuwala. Zambiri zotchipa zimaponya kuwala kozungulira ngati tochi, theka lake n'kupita m'mitengo ndi m'maso mwa anthu. Ku Germany lamulo la StVZO limafuna kuti nyali ya njinga idule kuwala pamwamba monga imachitira galimoto ikachepetsa nyali, ndipo amayeza kuwala kumene kwafika pamtunda wa mamita 10, m'muyezo wa lux, osachepera 10. Nyali zopangidwa motsatira lamuloli, monga za Busch & Müller, zimaika kuwala konse pamsewu, ndiye ya malumeni ochepa imaonetsa njira bwino kuposa tochi yoiposa kawiri. Zimakhala ndi chizindikiro cha kamzere kokhotakhota, chilembo K ndi nambala. Mukachiona pa nyali ya pakaunjika, musachisiye.

Kuthobwa anthu m'maso si nkhani ya ulemu wokha. Dalaivala wothobwa saona m'mbali mwa msewu, ndipo m'mbalimo muli inuyo ndi anzanu oyenda pansi. Ena amabwezera poyatsa nyali zonse, inu n'kulowa m'ngalande.

Nanga kuphethira? Ku Germany nyali yophethira yomangirira panjinga ndi yoletsedwa, pamene ku Britain anailola mu 2005. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Yophethira imakopa maso ndipo imasunga batire. Koma mumdima wandiweyani dalaivala amavutika kudziwa kuti muli patali bwanji ndiponso mukuyenda liwiro lanji. Ine ndimati m'tauni, pakati pa magetsi ambirimbiri a mashopu ndi magalimoto, ndiponso nthawi ya chisisira, ya kumbuyo iziphethira. Pamsewu wamdima wa kunja kwa tauni iziyaka mosalekeza, kapena mukhale ndi ziwiri, ina yoyaka ina yophethira. Ya kutsogolo isaphethire mumdima. Inu nomwe simuona njira, ndipo obwera kutsogolo mumawazunguza mutu.

Pogula, musakhulupirire kuyatsa kwa masekondi awiri m'shopu masana. Nyali zambiri zotchipa zimayamba mowala kwambiri kenako n'kutsika zokha zikatentha, ndiye pemphani kuti iyake mphindi zisanu mukucheza ndi wogulitsa, muone ngati yatsika. Ya chitsulo cha aluminiyamu ikafunda ndi bwino, ndiye kuti ikutulutsa kutentha kunja. Ya pulasitiki yolonjeza malumeni ambiri ilibe kotayira kutenthako. Igwedezeni mwamphamvu ikuyaka, isaphethire. Yang'anani ngati ili ndi kagetsi kochenjeza kuti batire latsala pang'ono, ndiponso ngati kuwala kumatulukirako m'mbali, chifukwa pamphambano galimoto imakupezani chammbali. Batani lake lisakhale lodutsa m'mitundu isanu ndi iwiri ya kuphethira musanafike pa kuwala kwabwinobwino.

Mukafika nayo kunyumba, imikani njinga mamita 10 kuchokera pakhoma kutada, muyatse. Pamwamba pa kuwala kwamphamvu pakhale m'munsi mwa msinkhu umene nyaliyo ili panjinga, ndipo pakati pake pagwere pansi cha patsinde pa khomalo. Kenako mupatse mnzanu njingayo, inu mukaime kutsogolo ndi kumbuyo pa mtunda wa mamita 50, katundu kapena wokwera ali pakaliyala monga mwa masiku onse. Ngati ya kutsogolo ikukuthobwani, itsitseni pang'ono. Ngati yofiira yabisika, isunthireni kumapeto kwa kaliyala, ndipo muilozetse molunjika kumbuyo, osati kumwamba kapena pansi, chifukwa LED imawala kwambiri mbali imene yayang'ana yokha.